Nditasiya jakisoni, masiku otengera pathupi akundisokoneza

Mayi wa ku Zomba:
Ndinasiya jakisoni wolera wa Depo miyezi 9 yapitayo chifukwa ine ndi bambo a kunyumba tikufuna mwana wachiwiri, koma chibwerereni msambo sukuyenda bwino: wina unabwera patatha masiku 27, wina 34, ndipo womaliza unafika masiku 41. Pulogalamu ya pafoni imandiuza tsiku losiyana mwezi uliwonse, ndipo mikanda yowerengera masiku a msambo imene ndili nayo sikugwirizana ndi zimenezo. Kodi tsiku limene dzira limatuluka ndingalidziwe bwanji?

Namwino wopuma pantchito:
Achemwali, musadandaule msanga, chifukwa jakisoni ameneyu amachedwa kutha mphamvu, ndipo amayi ena amatha chaka thupi lisanabwerere m'chimake. Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti amawerenga tsiku la 14 kuyambira pamene anayamba kusamba, pomwe dzira limatuluka pafupifupi masiku 14 msambo wotsatira usanayambe. Choncho mwezi wa masiku 41 uja, ngati dzira linatuluka, linatuluka cha pa tsiku la 27, inu mutasiya kale kuyembekezera. Mikanda inapangidwira amayi amene msambo wawo umabwera pakati pa masiku 26 ndi 32, ndipo foni imangoyerekeza kuchokera pa miyezi yakale. Zonsezi muziike pambali kaye. Yang'anirani chikazi: chikayamba kuterera ndi kutamuka ngati choyera cha dzira losaphika, masiku afika. Dzira limakhala ndi moyo maola osapitirira 24, koma umuna umatha kudikira m'thupi mpaka masiku 5, kotero kukhala malo amodzi masiku awiri kapena atatu alionse kumaposa kusaka tsiku limodzi.

Mayi wa ku Area 25:
Ine ndinayesa kuyeza kutentha kwa thupi m'mawa uliwonse ndisanadzuke, koma ndinaona kuti kumakwera dzira litatuluka kale, ndipo nditadwala malungo manambala a mwezi wonsewo anasokonekera. Timapepala toyezera mkodzo ta ku famase tinandithandiza kwambiri, chifukwa timaonetsa patatsala tsiku limodzi kapena limodzi ndi theka kuti dzira lituluke, ngakhale kuti msambo ukakhala wotalika ngati wanuwo mumawononga tambiri musanaone mizere iwiri yakuda mofanana.

Namwino wopuma pantchito:
Ndiwonjezere pa za timapepalato: kwa mayi amene ali ndi vuto la PCOS, limene limasokoneza katulukidwe ka mazira, timatha kuonetsa kangapo dzira osatuluka. Ngati msambo upitiriza kudutsa masiku 35, kapena chaka chikatha popanda pathupi, kapena miyezi 6 ngati mwapitirira zaka 35, kaonaneni ndi dokotala wa amayi, ndipo bambo apite nawo akayezetse umuna, poti vuto silikhala kwa mayi yekha.

Mayi wa ku Zomba:
Zikomo kwambiri amayi. Ndili ndi zaka 31, choncho ndiyamba ndi kulemba za chikazi m'kope. Za kuyezetsa bambo, ndiyenera kupeza kaye mawu abwino owauzira.