Kodi "cockerel" ndi tambala kapena chipsolopsolo?

Abale, ndithandizeni. Manyuzipepala a Chingerezi akamanena za tambala wakuda wa chipani cha MCP amalemba kuti "black cockerel". Koma aphunzitsi a zaulimi amati "cockerel" ndi tambala wamng'ono wosakwana chaka. Ndiye tambala wolengeza kuti kwacha uja angakhale mwana? Zoona ndi ziti?

Yankho loyamba:
Achimwene, aphunzitsiwo sananame. Kwa oweta nkhuku, yaimuna yosafika miyezi 12 ndiye "cockerel", ikapitirira pamenepo ndi "cock". Yaikazi yosafika miyezi 12 amati "pullet", msoti wathu uja. Liwu la "cockerel" ndi lakale, linkalembedwa kale m'zaka za m'ma 1400, ndipo ka "-erel" kakumapetoko n'kochepetsa, monga timachitira ife ponena kuti kamwana.

Chinasokoneza zinthu ndi manyazi. "Cock" limatanthauzanso maliseche a mwamuna, choncho anthu anayamba kulilambalala. A ku America anathawira kwa "rooster", lomwe linayamba kuoneka cha m'ma 1770 kuchokera ku "roost", pogona nkhuku. Ambiri a ku Britain anangotenga dzina la mwana n'kumaitanira nalo ndi bambo yemwe. N'chifukwa chake tambala wa pa baji ya timu ya mpira ya Tottenham Hotspur amamutcha "cockerel". Ife Chingerezi tinachitengera ku Britain, motero atolankhani athu sakulakwitsa.

Yankho lachiwiri:
Mwafotokoza bwino mphwanga, koma osamangolimwaza liwuli paliponse. Tengani mwambi woti atambala awiri salira m'khola limodzi. Mukaumasulira ndi "cockerel" kwa mlimi, mwauphera mchere. Tiatambala tating'ono timakhala pamodzi bwinobwino, mkangano umadzabuka tikakhwima n'kuyamba kulimbirana zazikazi. Mwambiwu ukunena za akuluakulu awiri olimbirana ulamuliro pamudzi umodzi, osati anyamata.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti liwu lathu likutha. Kwathu nkhuku yoti yasiyana ndi make, nthenga zamera koma kulira sinayambe, tinkati chipsolopsolo. Ana alero amangodziwa mwanapiye ndi tambala, zapakatipa ayi.

Wofunsa:
Zikomo amalume. Komabe pakundivuta pamodzi. Agogo anga ankatchula chipsolopsolo nkhuku iliyonse yongokula kumene, yaimuna kaya yaikazi. Inu a ku Dedza, Kasungu, Chipata ndi Angónia, kwanuko chipsolopsolo n'chachimuna chokha, kapena katambala kongoyamba kuyesa mawu kali ndi dzina lakelake?