Kodi "mapanga awiri avumbwitsa" akutanthauza chiyani kwenikweni?

Nachisale: Dzulo ndimawauza amalume za ntchito yanga. Tili ndi data ya anthu, mabuku ndi mmene zimakhudzirana, ndiye tikuganiza zoisunga m'mapulogalamu awiri osungira data, PostgreSQL komanso Apache Jena, nthawi imodzi. Iwo anangoti "mapanga awiri avumbwitsa." Ine ndinkayesa mapanga ndi zikwanje, anandiseka mpaka misozi. Mwambiwu ukugwirizana bwanji ndi nkhaniyi?

Kachingwe: Agogo anga aakazi ankandinena nawo ndikasiya ntchito ina pakati n'kuyamba ina. Phanga ndi la m'thanthwe, mobisalira mvula. Ukuthamangira ili, ukuganizanso kuti lija n'labwino, mvula yakupeza panja. Amalume anuwo alondola. Mukasintha dzina la munthu mu PostgreSQL n'kuiwala ku Jena, muli ndi zoona ziwiri zosemphana. Kuvumbwa kwake n'komweko.

Mbewe: Iyayi achimwene. Mwambiwu sukudana ndi mapanga awiri, ukudana ndi kuyendayenda. Katundu kuphanga lina, iwe kuphanga lina, palibe wanyowa. Matebulo a SQL, monga a mu PostgreSQL, ndi abwino pa zinthu zosasinthasintha maonekedwe. RDF, njira imene Jena imagwiritsa ntchito, imasunga zonse m'tiziganizo ta mbali zitatu, monga "Lilongwe, likulu la, Malawi", n'kumafunsa ndi chilankhulo cha SPARQL, chomwe W3C, bungwe loika miyezo ya pa webu, inavomereza mu 2008. Chilichonse chigwire yake.

Kachingwe: Nanga wosamutsa katunduyo pakati pa mapangawo ndani? Sanyowa?

Mbewe: Limodzi likhale mwini wake wa data, linalo lizingokopera. Ndikubwerezanso, vuto ndi mtima wapawiri, osati chiwerengero cha mapanga.

Nangondo: Agogo anga ankaunena akuseka, kwa munthu wosadziwa chimene akufuna. Nachisale, muyambe mwadzifunsa mafunso amene mudzafunse datayo. Ngati ndi "uyu akhudzana ndi yani, kudzera mwa yani", Neo4j, pulogalamu yosunga data monga maukonde a zinthu zolumikizana, ingakwane yokha. Ngati mukufuna kulumikiza ndi Wikidata, nkhokwe ya data yaulere ya pa intaneti, pitani ku RDF.

Kachingwe: Tsopano mapanga akwana atatu! Koma chondipweteka ine n'chakuti munthu wamkulu sadziwa phanga. Ana a masiku ano ngakhale "kuvumbwa" sakudziwa, amangoti mvula yandimenya.

Nachisale: Pepani akuluakulu, ndinakulira pa kompyuta.

Mbewe: Musapepese. Koma mukawafunse amalumewo ngati ananenapo kuti phanga lachiwirilo ligumulidwe.