Mkombaphala pa nyumba ya agogo

Azakhali aNaphiri: Mwadzuka bwanji nonse. Nyumba ya agogo tazira dzulo, yatsala kuuma. Tinagwirizana K20,000 khomo lililonse, koma pa makomo 9 apereka ndi 4 okha. Ana akuyenera kuyamba limodzi ndi a pulayimale mu September.

Malume a ku Joni: Ine ndinanena kale. Tigule madesiki ndi bolodi. Kholo likaona desiki ndiye limadziwa kuti pano pali sukulu.

Mayi a Chisomo: Malume, mwana wa zaka 3 mpaka 5 sakhalitsa pa desiki, pakatha mphindi 10 wayamba kukwera pamwamba pake. Mphasa 4 zikwana. Chipinda tichigawe ngodya: ya zowerengera, ya dongo, ya mabuku a zithunzi, ina ya masanje, muli timiphika ndi zidole za nsanza. Zonse zikhale pansi poti mwana afikire yekha, zithunzi pakhoma zilingane ndi maso ake, osati athu.

Alamu aBanda: Zowerengera musagule. Zisononkho, zitsekerero za mabotolo apulasitiki, timatabwa totsala kwa kalipentala bola tipalidwe ndi sandipepala. Zitsekerero zachitsulo ayi, zimacheka ndipo zimachita dzimbiri.

Mayi a Chisomo: Nyemba ndi chimanga musaike m'ngodyamo, aang'onowa amazilowetsa m'mphuno. Dongo likhale mu ndowa yovundikira ndi chiguduli chonyowa, apo ayi mawa lake ndi mwala.

Malume a ku Joni: Nanga madesiki?

Azakhali aNaphiri: Achimwene, yambani mwatumiza yanu ija. Mpamba ndi Airtel Money zonse zikugwira.

Malume a ku Joni: Nditumiza pa Mukuru mwezi ukatha. Bola tizilemba ndithu. Za chiliza zija ena tikuzikumbukirabe.

Azakhali aNaphiri: Kope lilipo, aliyense abwere adzaone.

Tadala: Kodi mbuzi ya agogo yamawanga ija ili kwa ndani?

Alamu aBanda: Ili kwa amalume aang'ono, inaswa awiri.

Tadala: Iwowo akungowerenga mauthenga osayankha, chizindikiro chikuoneka.

Mayi a Chisomo: Mbuzi tikambe tsiku lina. Chimbudzi cha agogo sichingatheke, bowo lake ndi lalikulu, mwendo wa mwana ungalowe. Pakufunika silabu ina ya bowo laling'ono ndi chovundikira, pakhomo pake mpondagiya wa chigubu cha malita 5 ndi sopo womangirira pa chingwe, wofupika ndithu. A Social Welfare kwa DC tiwadziwitse tisanatsegule, ndi amenenso angatiuze za maphunziro a alezi.

Alamu aBanda: Panja ndikwirira matayala akale theka, odutsapo ana. A katungwe ndiwaboola pansi, madzi akakhalamo ndi udzudzu umenewo. Mchenga ngolo imodzi, wa kumtsinje, wosefa. Madzulo tizivundikira chifukwa amphaka ndi nkhuku amaonongeramo.

Azakhali aNaphiri: Phala ndiye likundisowetsa tulo. Ufa wake ndi mbale 4 za chimanga pa mbale imodzi ya soya. Soya akazingidwe kaye asanapite kuchigayo, wosakazinga amanunkha chiwisi, ana amalavula. Chimanga chikhale cha mgaiwa, osakonola. Amene ndalama zavuta abweretse ndowa ya chimanga, sitikana.

Malume a ku Joni: Zonsezi zabwino, koma sukulu yopanda desiki anthu atiseka.

Mayi a Chisomo: Desiki akaipeza ku Sitandade 1 akakwana zaka 6, malume. Ndalama ya desiki imodzi igule makapu, masupuni ndi mpoto waukulu, mwana aliyense kapu yakeyake.

Tadala: Ine yanga ndatumiza pompano, azakhali taonani.

Azakhali aNaphiri: Yafika K15,000. Yotsalayo?

Tadala: Lachisanu.

Azakhali aNaphiri: Chabwino. A ku Area 25, a ku Mzuzu ndi amalume aang'ono, simenti ya silabu tikugula Loweruka. Tiyankheni lero.