Mayunitsi a pa mita sakugwirizana ndi a pa dashibodi ya galimoto yamagetsi

Woyang'anira magalimoto a kampani

Akuluakulu anzanga pa ntchito ino, ndikupempha nzeru zanu ndisanapereke lipoti kwa mabwana. Kampani yathu inagula galimoto imodzi yamagetsi yoyendapo kale n'cholinga choti tiiyese kaye tisanaganize zogula zina, ndipo ine ndinapatsidwa udindo wolemba ndalama zimene ikudya pa kilomita iliyonse. Dashibodi imaonetsa kuti galimotoyi ikugwiritsa ntchito mayunitsi pafupifupi 15 pa makilomita 100, koma mita yaing'ono imene tinaika pa soketi yotchajirapo ikuonetsa kuti magetsi otuluka pakhoma akuposa pamenepo ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Anzathu a ku akaunti akuganiza kuti dalaivala amalumikizapo zinthu zake usiku, pamene bwana wina akuti batire linatha kale ndipo tinangotaya ndalama. Timatchaja ndi chingwe chimene chinabwera ndi galimoto, cholowetsa pa soketi wamba, ndipo chifukwa malo oimikapo ali chapatali tinawonjezera ekisitenshoni. Kodi kusiyana kumeneku n'kwachilendo, kapena tikuwerenga molakwika?

Katswiri wa zamagetsi

Bambo, dalaivala wanu musamukayikire msanga, chifukwa manambala awiriwo sakuyeza chinthu chimodzi. Dashibodi imawerenga mphamvu imene yatuluka m'batire galimoto ikuyenda, pamene mita yanu imawerenga zonse zotuluka pakhoma, kuphatikizapo zimene zatayika panjira zisanafike m'batire. Magetsi a pakhoma ndi a AC (osinthasintha kolowera) koma batire limasunga a DC (oyenda mbali imodzi), choncho m'galimotomo muli tchaja yowasintha, ndipo ikamagwira ntchito imatentha. Kutentha kumeneko ndi mayunitsi amene mwalipira koma sanalowe m'batire. Kuwonjezera apo, nthawi yonse imene galimoto ili pa tchaja makompyuta ake amakhala oyaka, batire laling'ono la 12V limakhala likudzazidwa, ndipo m'magalimoto ambiri mapampu ndi mafani oziziritsa amakhala akuzungulira. Zonsezi zimadya mawati apakati pa 200 ndi 300 pa magalimoto ambiri, kaya mukutchaja mwachangu kaya pang'onopang'ono.

Apa m'pamene chingwe chanucho chikukudyerani ndalama. Chingwe cha pa soketi wamba nthawi zambiri chimakoka 10A (maampeya 10, muyezo wa kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya), ndipo pa magetsi a 230V zimenezo ndi 2.3 kW basi. Mukachotsa mawati 250 pa mawati 2,300, mupeza kuti gawo limodzi mwa magawo khumi lapita kale musanawerenge n'komwe zotayika posintha AC kukhala DC. Tchaja yapadera ya galimoto yomangidwa pakhoma ya 32A imapereka 7.4 kW, ndipo mawati 250 omwewo amasanduka 3 kapena 4 pa 100 alionse, chifukwa galimoto imamaliza kudzaza msanga n'kuzima.

Komabe chimene chandidetsa nkhawa kwambiri si mayunitsi ayi, koma ekisitenshoniyo. Soketi wamba inapangidwa moganizira zipangizo zimene zimakoka magetsi ambiri kwa kanthawi kochepa, osati usiku wonse tsiku ndi tsiku. Galimoto ikakhala pa tchaja kwa ola limodzi, kagwireni pulagi ndi dzanja, kenako muizule muone ngati pulasitiki yozungulira mano ake yayamba kuderapo. Ngati chingwe cha ekisitenshoni n'chokulunga, chifunyululeni chonse lero lomwe, chifukwa chokulunga chimasunga kutentha mpaka kusungunuka.

Makanika

Ndikugwirizana ndi akuluwa, ndipo ine ndiyankhapo za batire zokha. Batire lofooka silichititsa galimoto kudya mayunitsi ochuluka chonchi pa kilomita, koma limangosunga mphamvu yochepa, ngati thanki imene yachepa, moti galimoto imafuna tchaja msanga. Ngati bwana wanu akufuna umboni, kapimitseni batire ndi kachipangizo kolumikiza pa OBD (polumikizira makina opimira galimoto), komwe kamaonetsa nambala yotchedwa SOH, yosonyeza mphamvu imene yatsala poyerekeza ndi pamene linali latsopano. Magalimoto ena amaonetsa okha: Nissan Leaf ili ndi timizere 12 pa dashibodi, ndipo kamzere koyamba kamazima batire likatsika kufika pafupifupi 85 pa 100. Muonenso mapepala a waranti, chifukwa makampani ambiri amatsimikizira batire kwa zaka 8 kapena makilomita 160,000, ndipo ambiri amalonjeza kulikonza likatsika kupyola 70 pa 100 nthawiyo isanathe.

Musanagule tchaja ya pakhoma, fufuzani kaye mphamvu ya tchaja ya m'kati mwa galimoto yanu. Magalimoto akale ena amalandira 3.6 kW yokha, ena 6.6 kW, ndipo ngakhale mutaika ya 22 kW galimoto idzangotenga zimene ingathe. Ndili ndi funso limodzinso: kodi dalaivala amayatsa zoziziritsa kapena zotenthetsa m'galimoto isanachoke pa tchaja m'mawa?

Woyang'anira magalimoto a kampani

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndafunsa, ndipo dalaivala wavomera kuti amatero m'mawa uliwonse, ati anauzidwa choncho pa tsiku limene ankalandira galimoto. Pulagi nayo ndaigwira ndipo inali yotentha moti sindinathe kuigwira nthawi yaitali, choncho ekisitenshoni taichotsa ndipo pakadali pano galimoto tikuiimika pafupi ndi soketi. Kodi ndimuletse dalaivalayu kuti manambala agwirizane?

Woyang'anira magalimoto onyamula katundu

Musamuletse, bambo, chifukwa akuchita zoyenera. Akaziziritsa galimoto ili pa tchaja, mphamvuyo imachokera pakhoma ndipo batire limanyamuka lodzaza, pamene akadikira kuti ayatse ali pamsewu mayunitsi omwewo adzachoka m'batire n'kuchepetsa mtunda wa tsikulo. Chimene chasintha ndi malo olembedwapo basi: pa mita akuoneka, pa dashibodi sakuoneka. Lipoti lanu liyenera kutsatira mita, popeza bilu imalipiridwa potengera mita, ndipo nambala ya pa dashibodi muziigwiritsa ntchito poona kayendetsedwe ka dalaivala.

Ngakhale mutalemba mayunitsi 18 m'malo mwa 15, nkhani sisintha kwenikweni. Lita imodzi ya petulo ili ndi mphamvu yokwana pafupifupi mayunitsi 9, kutanthauza kuti galimoto yomwa malita 7 pa makilomita 100 imawotcha mayunitsi oposa 60, ndipo ambiri mwa iwo amangotuluka ngati kutentha. Chulukitsani mayunitsi anu ndi mtengo wa yunitsi, malita ndi mtengo wa lita, muike manambala awiriwo pamzere umodzi kuti mabwana adzionere okha. Mukatchaja pa matchaja achangu a DC a pamsewu muzilemba padera, chifukwa kumeneko yunitsi imakhala yokwera mtengo kwambiri kuposa ya pa ofesi, ndipo maulendo ochepa otero amatha kusokoneza avereji ya mwezi wonse.

Ine ndikadakhala inu, nthawi yambiri ndikanaithera pa ndalama zimene sizioneka pa mita. Choyamba ndi kutsika kwa mtengo wa galimoto, komwe pa magalimoto ambiri ndiye ndalama yaikulu kuposa zonse, ndipo pa yamagetsi yogulidwa yakale kumadalira kwambiri SOH imene bambo makanika atchula. Kenako inshuwaransi, mtengo woikitsa tchaja wogawidwa pa zaka zimene mudzaigwiritse ntchito, ndi matayala. Kwa ife matayala akhala akutha msanga kusiyana ndi pa magalimoto a dizilo ofanana kukula, chifukwa batire n'lolemera ndipo mota imapereka mphamvu yonse galimoto ikangonyamuka.

Makanika

Pa matayala, mayi, ndisiyana nanu pang'ono. Kulemera kulipo ndithu, koma amene ndimawaona atasalala msanga ndi a madalaivala amene amaponda mwamphamvu ponyamuka, ndiponso oyenda ndi mpweya wochepa, zomwe zimadyanso mayunitsi. Mu lipotilo muikemo mzere wa sevisi ngakhale kuti mulibe oyilo wa injini, mapulagi kapena fyuluta ya mafuta. Mafuta a mabuleki amasinthidwabe, nthawi zambiri pa zaka ziwiri zilizonse, batire la 12V limatha ngati pa galimoto ina iliyonse ndipo likafa galimoto siyaka ngakhale batire lalikulu lili lodzaza, komanso madisiki a mabuleki amachita dzimbiri chifukwa nthawi zambiri ndi mota imene imachepetsa liwiro. Muonenso m'buku la galimoto mtundu wa batire lanu. Ngati ndi la NMC, ndi bwino kulekeza pa 80 pa 100 masiku wamba, koma ngati ndi la LFP opanga ambiri amalangiza kulidzaza kufika pa 100 kawirikawiri kuti kompyuta iziwerenga bwino mphamvu yotsala.

Woyang'anira magalimoto a kampani

Ndamva bwino. Ndilemba mayunitsi a pa mita, ndikapimitsa SOH, ndipo ndipempha ndalama zoikitsira tchaja ya pakhoma. Bambo wa zamagetsi, ndi zinthu ziti zimene ndiyenera kuonetsetsa kuti zili mu kotesheni?

Katswiri wa zamagetsi

Tchajayo ikhale pa mzere wakewake kuchokera pa bokosi lalikulu la magetsi, yokhala ndi breaker yake, ndipo kukula kwa waya kuwerengedwe potengera kutalika kwa mzerewo osati kungoyerekeza. Pakhale RCD (chipangizo chodula magetsi akayamba kudontha) ya mtundu wa B, kapena ya mtundu wa A ngati tchajayo ili kale ndi chitetezo chozindikira DC yodontha ya 6 mA, ndipo woika ayeze earth ya nyumbayo n'kukupatsani zotsatira zake polemba. Aonenso ngati magetsi olowa m'nyumbamo angakwanitse 32A yowonjezera pa nthawi imene zipangizo zina zikugwira ntchito. Mita yanu yaing'ono ija siigwira ntchito pa mzere umenewu, choncho muuzeni aike ina m'bokosi momwemo yowerenga tchaja yokha, kuti manambala a mwezi wamawa mudzathe kuwayerekeza ndi a mwezi uno.