Ndinaphunzira uphungu koma pasukulu andisandutsa wa disipulini, ndipange bwanji?

Admin ndibiseni dzina chonde. Ndinapanga psychology ku Chanco, pano ndili pa intaneshipu pa sekondale ina kuno ku Blantyre ngati mlangizi wa ana. Koma abale ntchito ndikugwira ndi inatu. Mwana akajomba akuti pita kwa madamu, akapezeka ndi foni kwa madamu, mphunzitsi wa Life Skills akadwala choko ndi changa. Ofesi ndilibe, timayankhulira mu sitafu rumu anthu akumwa tiyi, nde mwana wa Form 2 angaulule bwanji kuti amalume ake amamugwiragwira pamenepo? Tili ndi ana a ku Chilobwe omwe anataya makolo pa namondwe wa Freddy mu 2023, mvula ikangoyamba kugunda malata ena amanjenjemera, aphunzitsi nkumati ndi matama. Chandipweteka kwambiri nchoti ahedi akufuna ndiziwauza zonse zomwe ana andiuza, ati iwo ndi mwini sukulu. Anawo ndimawakonda koma ndikumaweruka mutu uli gwaa, ndalama yake ikungothera minibasi. Ndipirire kapena ndiyambe kusaka ku ma NGO?

Mayankho

Aphunzitsi opuma, Chilomoni: Mwana wanga, sukulu zambiri mlangizi amakhala mphunzitsi wamba amene angomuloza chala, nde ahediwo sakudziwa kuti munthu ngati iwe amagwira chani. Alembere papepala, uwauze mwaulemu kuti wolanga ndi wolangiza sangakhale munthu mmodzi, ana akuthawa.

Wina wa ku Bangwe: Ntchito zikusowa chonchi inu mukudandaula choko? Kkkk pirirani sisi, CV ikudzadza.

Namwino: Za chinsinsizo musagonje achemwali, koma nkhani ya kugwiriridwa siyosunga ayi. Imbani 116, nambala yothandiza ana, ndi yaulere, kapena pitani naye ku One Stop Centre ku Queens komwe amathandiza ana ochitiridwa nkhanza, kuliso Victim Support ku polisi. Mwanayo muzimuuziratu poyamba penipeni kuti zoika moyo wake pachiswe simubisa. Nanga inuyo amakumverani ndani? Ntchito imeneyi opanda supavaiza (mlangizi wamkulu wokuyang'anirani ndi kukumverani) imadwalitsatu.

Mayi wa mother group: Bwerani mudzatipeze, ife timayenda kale ndi atsikana obwerera kusukulu atabereka. Tikalowa limodzi kwa ahedi chipinda chipezeka, olo ka sitolo ka mabuku.

Wofunsa: Zikomo nonse. Supavaiza ndili naye papepala pokha, sanabwereko chiyambire. Alipo kuno amene amakumana ndi alangizi anzake mwina Loweruka? Ndikhoza kumafika ku Limbe kapena mtauni.