Thandizeni: 720720 ili ndi ma factor angati?

Wofunsa:
Moni nonse a m'gulu muno. Ndimaphunzitsa masamu ndipo sabata ino tili pa ma factor, manambala amene amagawa nambala ina popanda chotsala. Ndikufuna kugwiritsa ntchito 720720 ngati chitsanzo chifukwa imagawika ndi nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 16 popanda chotsala. Pa 17 ndi pomwe imakana, pamatsala 5. Ndinayamba kulemba ma factor ake limodzilimodzi koma pepala likudzaza ndisanafike n'pakati pomwe. Kodi pali njira yachidule yodziwira kuti alipo angati? Nanga nambala yotereyi ili m'gulu liti? Ana ena ndi ofunsa kwambiri, sindikufuna kukachita chibwibwi pa bolodi.

Yankho 1:
Aphunzitsi, musadzizunze ndi kulemba. Iphwanyeni kaye: 720720 ndi 720 × 1001. 720 ndi 2×2×2×2×3×3×5, ndipo 1001 ndi 7×11×13. Werengani kuti prime iliyonse (nambala yogawika ndi 1 ndi iyo yokha basi, monga 2, 3 kapena 5) yapezeka kangati, muwonjezerepo 1, kenako muchulukitse: 5×3×2×2×2×2 = 240. Ana akafunsa za 1 wowonjezerayo, auzeni kuti popanga factor mutha kutenga 2 kamodzi, kawiri, katatu, kanayi, kapena osamutenga n'komwe. Njira zisanu zimenezo.

Yankho 2:
Pa 1001 pomwepo pali masewera abwino. Mwana alembe nambala iliyonse ya manambala atatu kawiri, monga 385385, inu munene musanawerenge kuti igawika ndi 7, 11 ndi 13. Adzaganiza kuti mwaloweza kalikuleta yonse.

Yankho 3:
Za gulu: ndi highly composite number, kutanthauza kuti palibe nambala yaying'ono kuposa iyo yokhala ndi ma factor ofika 240. Katswiri wa masamu Srinivasa Ramanujan analemba za nambala zoterezi mu 1915. Komanso ndi abundant number, kutanthauza kuti mukaphatikiza ma factor ake onse kupatula iyo mwini amaposa nambalayo: apa mupeza 2,529,072, kuposa katatu kukula kwake. Yerekezani ndi 28, yomwe ma factor ake 1, 2, 4, 7 ndi 14 amapanga 28 ndendende.

Yankho 4:
Ine ndikutsutsana nanu pang'ono. Mayina onsewa angolemetsa ana mitu. Yambani ndi 360, alembe okha ma factor ake onse 24, kenako muwaonetse kuti 4×3×2 ikupereka 24 yomweyo. Akakhulupirira njirayo ndi pomwe mutulutse chinambala chachikulucho.

Wofunsa:
Zikomo nonse, ndiyamba ndi 360. Funso lina: kodi 360360, theka lake, siyingagwire ntchito yomweyi?

Yankho 1:
Imagawika kuyambira 1 mpaka 15 basi. Ili ndi ma 2 atatu okha, pomwe 16 imafuna anayi, ndiye pamatsala 8. Ma factor ake ndi 192. Yaying'ono kwambiri yogawika ndi zonse mpaka 16 ndi 720720 yanuyo.