Chiswe chalowa m'bokosi la gulu: K48,000 alipire ndani?

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Ndikulemba zomwe tapeza lero kuti omwe sanabwere asamvere kumsika. M'buku la banki khonde yathu mukuonetsa K912,000. Titatsegula bokosi, owerenga apeza K790,000 zabwinobwino, K74,000 zonyowa ndi zomatana, ndi mapepala 24 a K2,000 odyedwa ndi chiswe, kutanthauza K48,000. Bokosi labooka pansi pakona imodzi chifukwa cha dzimbiri, bowo loti chala chikulowa. Maloko onse atatu anali otseka, palibe waba. Mafunso ndi awiri: K48,000 abweze ndani, ndipo bokosi lina tigule ndi ndalama ziti. Kugawana kwatsala masabata asanu.

Wowerenga ndalama woyamba: Funso loyambalo malamulo athu anayankha kale. Amati bokosi lizikhala m'nyumba, pamalo ouma. Amayi osunga bokosi analikulunga m'thumba la feteleza n'kulikwirira pansi m'khitchini osauza gulu. Thumba la feteleza ndi lolukidwa, madzi amadutsa, ndipo likanyowa silifulumira kuuma, ndiye chitsulo chimagona pachinyezi usana ndi usiku. Alipire okha.

Wosunga bokosi: Achimwene, werengani bwino buku la misonkhano musanandiweruze. Mwezi wa August ndinauza gulu kuti pansi pa bokosi pakusenda dzimbiri, tigule lina. Munakana, munati tidikire tigawane kaye. Chachiwiri, aliyense amadziwa kuti November ndi December mabokosi a banki khonde amakhala odzaza chifukwa ngongole zikubwezedwa ndipo zatsopano sizikutuluka. Akuba nawo amadziwa. Chitseko cha nyumba yanga ndi cha matabwa opyapyala. Bokosi likanabedwa tikanataya K912,000, osati K48,000.

Mlembi: Zoti ananena ndi zoona. Zalembedwa pa msonkhano wachiwiri wa August: anthu 15 anakana kugula, 6 anavomera, atatu kunalibe.

Wakiyi woyamba: Ndiye mlanduwu uli pawiri. Koma tisanafike pa zolipira, K74,000 zonyowazo zisamalidwe lero lomwe, apo ayi nazo zichita nkhungu. Zomatana musazikoke zili zouma, zing'ambika. Zinyowetseni pang'ono ndi madzi oyera, muzisuntha chammbali ndi chala mpaka zilekane, kenako muziyale chimodzichimodzi pansalu yoyera m'nyumba modutsa mphepo. Pafupi ndi moto ayi, simbi yamakala ayi, nyuzipepala ayi chifukwa inki yake imadetsa. Zodyedwazo musamate ndi selotepu. Ikani chidutswa chilichonse m'envelopu, anthu awiri apite nazo kubanki akazione. Zomwe angasinthe zichotsedwe pa K48,000.

Wowerenga ndalama woyamba: Zimenezo ndikugwirizana nazo. Koma kukana kwathu kugula bokosi sikunapatse munthu chilolezo cholikwirira. Likanakhala m'chipinda pamwamba pa thabwa, ngakhale ndi dzimbiri lakelo, chiswe sichikanafika osaonedwa. Chiswe chimamanga msewu wadothi, munthu amauona.

Wakiyi wachiwiri: Apa abambo akunena zoona. Ambiri amaganiza kuti chitsulo chikatsekedwa madzi salowa, koma m'kati mumachita thukuta. Masana m'khitchini mumatentha, usiku dothi limazizira, mpweya wa m'bokosi umasanduka timadontho pachivindikiro ndi pansi. Mvula ya chizimalupsa itagwa dothi linanyowa, zinthu n'kuipiraipira. Ngakhale pasimenti bokosi lachitsulo silifunika kukhala mwachindunji. Pansi pake pafunika njerwa ziwiri ndi thabwa kuti mphepo izidutsa.

Wapampando: Tamva mbali zonse. Tiyambe ndi bokosi latsopano, chifukwa Lachinayi tilibe mosungira. Amene muli ndi mitengo bweretsani.

Membala wa golosale: Ndowa yapulasitiki yokhala ndi chivindikiro chothina imagulidwa pamtengo wochepa, sichita dzimbiri, ndipo chiswe sichiidya. Bwanji osagwiritsa ntchito imeneyo mpaka December?

Wakiyi wachiwiri: Mayi, ndowa ilibe poika maloko atatu, ndipo banki khonde yopanda maloko atatu si banki khonde. Njira imeneyi kuyambira pomwe bungwe la CARE linaiyamba ku Niger mu 1991 mutu wake ndi umenewu: wosunga bokosi alibe kiyi, osunga makiyi alibe bokosi. Pulasitiki amadulidwa ndi mpeni wotentha mphindi imodzi, makoswe amaboola, ndipo akakhalitsa pamalo otentha amauma n'kuyamba kusweka m'mbali mwa chivindikiro. Kontena yapulasitiki ndi yabwino m'kati mwa bokosi lachitsulo, osati m'malo mwake.

Membala wa ku Joni: Moni akuluakulu. Kuno kuli masewera otchedwa geocaching, anthu amabisa timabokosi m'tchire ndi m'mapiri kuti ena akatipeze ndi GPS. Bokosi lomwe amalikhulupirira kwambiri ndi lija lachitsulo losungira zipolopolo, chifukwa chivindikiro chake chili ndi labala ndipo chimapanikizidwa ndi chogwirira, madzi salowa ngakhale litakhala panja nyengo zingapo zamvula. Dandaulo lawo nalo ndi lomwelo: bokosi labwino limabedwa chifukwa lokhalo ndi katundu. Ndikhoza kufunsa mtengo.

Wakiyi woyamba: Achimwene, labala wakeyo ndi wabwinodi, koma kwa ife lili ndi zovuta zitatu. Lilibe poika loko, ndiye pafunika kuwotcherera mahasipu, ndipo moto wa wowotcherera umapsereza labalayo ngati sanachotsedwe kaye. Ndi lopapatiza, m'lifupi mwake pafupifupi masentimita 15, mbale zathu ziwiri zoikamo ndalama pamsonkhano sizilowa. Komanso ndi katundu wooneka wa asilikali, pamalire ndi pa rodibuloko mudzakhala ndi mafunso ambiri. Tipangitse kuno konkuno.

Mlembi: Wowotcherera zitsulo wa pamsika wapereka mitengo iwiri. La lata lopyapyala K45,000. La chitsulo cha mamilimita 1.5, K65,000.

Wowerenga ndalama wachiwiri: Titenge la K45,000. Ndalama zatayika kale, tisawonjezere bala.

Wakiyi wachiwiri: Achemwali, lomwe labookali linali la lata lomwelo. Lata lopyapyala limapindika ndi chikwanje, wakuba safunanso kulimbana ndi loko, amangopinda kona ya chivindikiro n'kulowetsa dzanja. Ndipo dzimbiri limaliboola msanga chifukwa palibe chitsulo chokwanira choti lidye. Kusiyana kwa K20,000 kwa anthu 24 sikukwana K1,000 aliyense. Koma tisangoti "la K65,000" basi. Wowotchererayo apatsidwe pepala. Kutalika masentimita 35, m'lifupi 25, kuya 18, kuti mulowe mabuku 24, buku la mlembi, mbale ziwiri, timatumba tiwiri tansalu, chidindo ndi inki yake, rula, zolembera ndi kakyuleta. Chivindikiro chikhale ndi mlomo wotsika masentimita awiri kuzungulira, kuti chikwanje chisapeze polowera. Mahinji awotcherere m'kati. Akakhala kunja, munthu amangogogoda kamtengo kake ndi msomali, chivindikiro n'kutseguka kumbuyo maloko ali chitsekere. Mahasipu atatu akhale mbali zitatu, kutsogolo, kumanja ndi kumanzere, owotcherera, osati omanga ndi masikuluu. Makona awotcherere mzere wonse, osati kudontheza apa ndi apo, chifukwa m'mipata imeneyo ndi momwe madzi ndi chiswe zimalowera. Pansi aike timiyendo tinayi ta sentimita imodzi. Akamaliza apale bwino, apake red oxide, penti woteteza dzimbiri, m'kati ndi kunja, aume, kenako penti wamafuta kawiri. Penti wopakidwa pachitsulo chosapala amasenda chaka chisanathe.

Wakiyi wachitatu: Ndiwonjezere za maloko. Akalewa awiri ndi a mtundu umodzi, ndipo maloko otchipa a mtundu umodzi nthawi zina amatsegulana makiyi. Tigule a mitundu itatu yosiyana, ndipo tiyeseretu m'sitolo momwemo: kiyi aliyense alowetsedwe m'maloko onse atatu. Kakhosi ka loko, kachitsulo kokhota kaja, kakhale kokhuthala, kosachepera mamilimita 8, komanso kafupi, chifukwa kakhosi katali kamapatsa sowo malo. Loko aliyense amabwera ndi makiyi awiri kapena atatu, otsalawo asamakhale kwa wosunga bokosi kapena m'bokosi momwemo. Aliyense wa ife atatu asunge ake. Loko akayamba kulimba musathiremo mafuta ophikira, amagwira fumbi n'kuuma. Palani mtima wa pensulo, muuziremo. Abwino ndawaona pa K9,000 limodzi, atatu K27,000.

Mlembi: Ndiye zonse pamodzi K92,000. M'thumba la chindapusa muli K38,000. Yotsala K54,000, aliyense K2,250.

Wowerenga ndalama wachiwiri: Bwanji K54,000 isachoke m'thumba la zadzidzidzi? Iyi si ngozi?

Wapampando: Ayi mayi. Thumba limenelo ndi la maliro ndi matenda, ndipo miyezi yamvula ndi yomwe malungo amachuluka. Silikhudzidwa. Bokosi ndi katundu wa gulu, aliyense amaligwiritsa ntchito mofanana, tisonkha mofanana. Tibwerere ku K48,000.

Membala wa golosale: Nayonso tigawane mofanana, K2,000 aliyense, nkhani ithe.

Membala wogulitsa masamba: Pepani, apa ndikukana. Ine masheya anga ndi 30, ena ali ndi 120. Phindu tikamagawana timatengera masheya, wa masheya ambiri amatenga zambiri. Nanga kutaya kokha ndiye kukhale kofanana? Ndalama zomwe zinali m'bokosi ndi za thumba la ngongole, ndipo mwini wake wamkulu ndi wa masheya ambiri. A Mlembi, masheya onse ndi angati?

Mlembi: 1,600. Gulu likasenza yonse, sheya iliyonse itaya K30. Wa masheya 120 ataya K3,600, wa 30 ataya K900. Sipafunika kusonkha, imangochotsedwa pa phindu tisanawerenge mtengo wa sheya pa tsiku logawana.

Wowerenga ndalama woyamba: Kuwerengako kuli bwino, koma gulu lisasenze yonse. Tikatero, mawa wina adzabisa bokosi kudenga kapena m'khola, n'kudzati ndimaopa akuba. Amene akuona kuti pakhomo pake sipali bwino amabweretsa nkhani pamsonkhano, gulu limasankha malo kapena munthu wina. Ndikupempha theka: K24,000 amayi, K24,000 gulu, K15 pa sheya.

Wosunga bokosi: Theka ndi lolemera. Bowo lija silinabooke masabata atatu omwe bokosi linali pansi, linayamba kale, ndipo ndinanena. Ndivomera gawo limodzi mwa atatu, K16,000, ichotsedwe pa gawo langa mu December. K32,000 gulu, ndiye K20 pa sheya, ndipo masheya anganso adulidwa nawo.

Wakiyi woyamba: Chomwe sitikuchikamba ndi chakuti K912,000 imatani m'bokosi. Bokosi lolimba chotani silingateteze ndalama zochuluka chonchi, munthu amangolinyamula lonse n'kukaliphwanyira kudambo. Masabata otsalawa ngongole zonse zikabwera zidutsa K3 miliyoni. Zopitirira K200,000 zizipita ku akaunti ya gulu yosainira anthu atatu, kapena pa Airtel Money kapena Mpamba pa simu ya gulu, simuyo izitsekeredwa m'bokosi, manambala achinsinsi agawidwe kwa anthu awiri. Tifunsiretu malire a ndalama zomwe akaunti ya pafoni imalandira ndi mtengo wotapira, komanso ejenti auzidwe sabata imodzi isanafike tsiku logawana kuti akhale ndi ndalama zokwanira.

Wowerenga ndalama wachiwiri: Zotapirazo alipira ndani?

Wakiyi woyamba: Zichoke pa phindu, monga momwe timachitira ndi mabuku ndi inki.

Wakiyi wachiwiri: Zotsala m'bokosi zikhale m'kontena yapulasitiki yotseka mbali zinayi, ija ya labala pachivindikiro. Muikemo timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel tomwe timapezeka m'mabokosi a nsapato ndi m'mabotolo a mankhwala, tiziyanikidwa padzuwa mwezi uliwonse. Mpunga musaikemo, umakoka anankafumbwe ndipo chinyezi sumachotsa mokwanira. Ndalama zimangidwe ndi timapepala, chifukwa malabala akatentha amasungunuka n'kumatirira. Ndipo pamsonkhano uliwonse bokosi litembenuzidwe, owerenga ayang'ane pansi pake pamaso pa onse.

Wapampando: Lachinayi tivota zinthu zitatu: K24,000 kapena K16,000 kwa amayi osunga bokosi, K2,250 ya bokosi ndi maloko, ndi malire a K200,000. Owerenga awiri apite kubanki mawa ndi envelopu ija. A Mlembi, pepala la miyeso lifike kwa wowotcherera lero, ndipo mumupatse K30,000 yokha, yotsala akamaliza.

Wowerenga ndalama woyamba: Chomwe banki ingasinthe chichepetse mbali zonse ziwiri, osati ya gulu yokha. Zilembedwe choncho.

Wosunga bokosi: Nanga kuyambira lero mpaka Lachinayi K864,000 igona kuti? Kwanga ndi bokosi lobookali sindilandira.